Ntchito ya ku Chileka inandipulumuka ndikuvina sitepe

Inu owerenga, ntchito ndinaipeza, kalata yake ndinaigwira ndi manja angawa, koma ku ntchitoko sindinagwireko ngakhale tsiku limodzi. Musafulumire kuganiza kuti wina anandilodza kapena kundichitira kaduka, ayi ndithu. Ndinaitaya ndekha, masanasana, ndikuvina. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti a pa Lirangwe andizindikira nkhaniyi isanafike n'pakati pomwe, chifukwa ambiri a iwo analipo pa ukwati umene ndikuti ndikambewu. Aseke, anaseka kale. Ine ndalembera munthu amene kalata yake ya ntchito ili m'njira, kuti asadzachite uchitsiru umene ndinachita ine.

Ndine woyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Bambo anatisiya ndili folomu thuu, ndipo amayi ndiwo anatilera ndi khasu. Nditalemba mayeso a folomu folo ndinachitako kakozi ka zosamalira katundu m'tauni, kenako ndinakhala zaka zisanu ndikuponya makalata ofunsira ntchito. Zaka zisanu, abale! Nsapato zinatha, mafotokope a satifiketi anachita kufufutika, yankho osabwera. Pofuna kuti ndisamangokhala, ndinkathandiza mnzanga Amina kugulitsa zitenje pamsika wa pa Lirangwe. Ameneyu tinakulira limodzi. Iye amapita ku mzikiti, ine ku tchalitchi, koma mbale timadyera imodzi. Ndi munthu wosadziwa kuzungulira, akaona cholakwika amangokuuza pamaso.

Koma chimene anthu ankandidziwira si zitenje ayi, ndi sitepe. Mukudziwa inu kuti pa ukwati operekeza akwati salowa m'holo mwachisawawa, amalowa movina, mwendo umodzi, ndipo pamafunika wina wowaphunzitsa. Wowaphunzitsayo ndinali ine. Kuyambira pa Lirangwe mpaka ku Lunzu, ukwati ukayandikira ankabwera kudzandipempha. Ndipatseni anyamata ouma ngati mipini, pakatha masabata awiri muwapeza akuthyola chiuno mpaka makolo awo kuwaiwala. Ndisabise, ndinkanyada nazo kwambiri, ndipo kunyada kumeneko kuli ndi mbali yake m'nkhaniyi.

Chaka chimenecho, titatha kukolola, kampani ina yosamalira katundu wokwera ndege ku Chileka inandiitana ku intaviyu. Tinalipo gulu, ena atavala masuti, ena akulankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno, moti ndinabwerako nditataya mtima. Patatha mwezi, Lachitatu lina ndikupinda zitenje, foni inalira. Anali mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito pa kampaniyo, ndipo anati ndapambana, ndikatenge kalata mawa lake. Mayo ine! Ndinakuwa mpaka azimayi a tomato anathamanga poyesa kuti kwagwa zovuta. Amina anandikumbatira tonse n'kugwera pamulu wa zitenje. Wogula amene anali pamenepo anachoka ndi nsalu pa mtengo umene anatchula yekha, chifukwa ine ndinkangovomera chilichonse.

Mawa lake ndinakatenga kalata kwa mayiyo. Inali ya tsamba limodzi. Inati ndidzayambe Lolemba la sabata yachiwiri, ndipo masiku asanu oyamba adzakhala a maphunziro a zachitetezo, chifukwa munthu salowa kumene kumakhala katundu wa ndege popanda chiphaso. M'munsi mwake munali ndime yakuti ngati pali chovuta chilichonse pa tsiku loyambiralo, ndiimbe pa nambala imene anailemba pamenepo kapena ndilembe kalata. Ndimeyo ndinaiwerenga ngati mmene timawerengera timalemba ta pa paketi ya sopo. Maso anga anali pa dzina langa ndi pa chidindo basi. M'minibasi pobwerera ndinaitulutsa m'chikwama kanayi konse, kufuna kuti amene ndakhala naye pafupi andifunse kuti n'chiyani.

Kunyumba kunali chisangalalo chosaneneka. Amayi anagwada pakhomo penipeni n'kuyamba kupemphera mokweza, asanafike pa ameni anadzuka n'kuyamba kuvina. Nthungululu zinaitana mudzi wonse. Pofika madzulo dzina langa linali litasintha, aliyense ankangoti "achemwali a ku eyapoti". Ana ankandifunsa ngati ndizikwera ndege tsiku lililonse, ine osawatsutsa. Ndege ikamadutsa kumwamba ndinkasiya zimene ndikuchita n'kuibayibitsa ngati mwakwera mlamu wanga. Amayi ndinawauziratu kuti udzu uli padengawo ndi womaliza, chaka chamawa agona m'nyumba ya malata. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma nthawi imeneyo mwambi umenewu sunandibwerere n'komwe.

Vuto linali limodzi. Mng'ono wanga Tadala ankakwatiwa Loweruka la sabata yomweyo imene ndinkayenera kuyamba ntchito. Ndiye kuti masiku asanu a maphunziro aja analinso masiku omaliza a pulakatisi. Operekeza analipo khumi ndi awiri, ndipo ndinali nditawapekera sitepe yatsopano imene inali isanaonekepo pa ukwati uliwonse: kulowa chammbali, kutembenuka onse pamodzi nyimbo ikafika pokoma, kenako kugwada bondo limodzi akwati akamadutsa. Atsikana anali ataigwira, koma anyamata, makamaka a kuchimuna ochokera ku Madziabango, ankatembenuka aliyense nthawi yake. Komanso mkwati anali ndi mlongo wake amenenso ankadziyesa katswiri wa sitepe, ndipo ankangodikira kuti ine ndisunthe pang'ono alande gulu. Ukwati wa mng'ono wanga weniweni, anthu n'kudzati sitepe anaphunzitsa ndi a ku Madziabango? Ndinalumbira kuti zimenezo ndiye ayi.

Choncho ndinaganiza zosuntha tsiku loyambira ntchito ndi sabata imodzi. Mumtima ndinkati ntchito ili ngati munda, ukapatsidwa ndi wako, ukhoza kukalima mawa kapena mkuja. Ine ndinadikira zaka zisanu, iwo angalephere kundidikira masiku asanu?

Nditamuuza Amina, za kusunthazo sanatsutse. Anangoti, "Nambala ili pa kalatapo. Imba pompano ine ndili pano, uwauze zoona. Akakana, udziwiretu." Ine ndinamuseka. Ndinati kodi unaona kuti mwana wamkazi, ntchito asanaiyambe n'komwe, akuimbira abwana n'kumawauza tsiku limene iye akufuna? Si mwano umenewo? Inu owerenga mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Nkhani yaikulu munthu sakailankhula yekha. Wofuna banja amatuma, wopempha malo amatuma, wolakwira munthu wamkulu amatuma. Umapeza wachikulire wodziwa kuyala mawu, iyeyo n'kukakugwadira. Ndi mmene ndinaleredwera, ndipo ndinkaona kuti ulemu ndi umenewo. Koma poti ndalonjeza kunena zoona, panalinso china. Ndinkaopa kuti ndikaimba ndekha andiyankha kuti ayi, ndiye ndikakamizike kusankha pakati pa ntchito ndi sitepe. Ayi ameneyo sindinkafuna kumumva ndi khutu langa.

Wachikulire woti ndimutume sanasowe. Amalume anga, alongo awo a amayi, anagwirako ntchito yaulonda ku Chileka kalekale ine ndili wamng'ono, ndipo nkhani za ku eyapoti sizinkatha pakamwa pawo. Kuwamva iwo, ndege sinkatera asanavomereze. Nditawafotokozera, anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Mphwanga, ku Chileka kulibe geti limene silindidziwa. Iwe pita ukavinitse anthu, izi undisiyire." Anati kwa munthu wamkulu sapitako chimanjamanja, choncho anagwira tambala wofiira amene amayi ankasungira alendo a ukwati. Amayi anang'ung'udza pang'ono, koma atamva kuti ndi za ntchito anamumanga miyendo okha. Lachisanu m'mawa amalume anavala jekete lawo la kumaliro ndi kumaukwati, tambala m'khwapa, ine n'kuwaperekeza pa siteji.

Anabwerako chakumadzulo nkhope ikuwala, tambala palibe. "Zatheka," anatero, "uthenga ndausiya m'manja abwino. Ukayambe Lolemba la pambuyo pa ukwati." Ndinawagwadira n'kuwomba m'manja, kenako ndinathamanga kukauza Amina. Iye m'malo mosangalala anandifunsa kuti manja abwinowo ndi a ndani, kodi akumana ndi mayi anakupatsa kalata uja? Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti amalume anga si mwana woti ndiwapanikize ndi mafunso, ndipo ngati zikumuwawa kuti ndimusiya yekha pa zitenje angonena. Mawu oipa amenewo ndinamulankhula mnzanga amene ankandifunira zabwino. Anangopitiriza kupinda nsalu zake.

Lolemba lija, tsiku limene kalata inati ndiyambe ntchito, ine ndinali pabwalo la kuseri kwa tchalitchi ndi anthu anga khumi ndi awiri. Tinayamba m'mawa chifukwa a ku Madziabango anali atabwereratu kudzakhala sabata yonse. Nyimbo zonse zinali m'foni mwanga, ndipo foniyo tinailumikiza ku sipika yobwereka. Tsiku limenelo zinthu zinayamba kugwirana. Fumbi lili koboo, ana atazungulira bwalo, ine patsogolo thukuta lili kamukamu ndikukuwa, wani, thuu, tembenuka! Koyamba chiyambire, anyamata onse asanu ndi mmodzi anali pafupi kutembenukira pamodzi. Nyimbo itangofika pokoma paja inaduka, sipika n'kuyamba kulira kuti wina akuimba foni. Gulu lonse linabalalika. Ndinayang'ana, nambala yake yachilendo. Ndinaidula mwaukali n'kubwezera nyimbo poyambira.

Sipanapite nthawi nambala yomweyo inaimbanso, nyimbo n'kudukanso. Mlongo wa mkwati uja anaseka n'kunena kuti aphunzitsi ayambe athana kaye ndi zibwenzi zawo, gulu aligwirizira ndi iye. Ndinadulanso. Chakumasana titapuma n'kuyambiranso, nambala ija kachitatu! Ndinati awa ndi akuba a pafoni aja amakuuza kuti wawina mpikisano umene sunalowe. Anthu onse akuona ndinaidula, n'kuibuloka, n'kukweza foni m'mwamba ngati ndapha njoka. Anandiwombera m'manja. Madzulo a tsiku limenelo anyamata anatembenuka onse pamodzi, ndipo ndinapita kunyumba ndikuimba.

Sabata imeneyo sindinaione mmene inathera. Pakhomo panadzaza abale, azimayi akusinja ndi kuphika thobwa, telala akutinamiza tsiku ndi tsiku kuti madiresi atha mawa, ine ndili ponseponse. Lachitatu Amina anabwera kudzasiya nsalu za azimayi a komiti ya ukwati, ndipo ngakhale ndinali nditamunyoza, anandikokera pambali n'kundipatsa foni yake, mayunitsi alimo. Anati ndingoimba ngati ndikuthokoza abwana pondilola, kuti ndimve ndekha ngati uthenga unafika. Inu owerenga, foniyo ndinaigwira m'manja, ndipo kalata yokhala ndi nambala inali m'nyumba momwemo, pansi pa matiresi. Koma nthawi yomweyo wina anakuwa kuti diresi la mkwatibwi lafika, ine n'kumubwezera foni n'kuliyatsa liwiro. Ndinati ndiimba mawa. Mawa lake ndinatinso mawa.

Za ukwatiwo ndiye ndisaname, unakoma. Ngakhale lero ndikaukumbukira mapazi amayamba okha. Titachoka ku tchalitchi tinapeza holo itadzaza mpaka ena atakwera m'mawindo. Nyimbo itayamba, operekeza anga aja analowa chammbali, mapewa akugwedera mofanana, ndipo pofika pokoma paja onse khumi ndi awiri anatembenuka nthawi imodzi, wotsalira panalibe. Kunali chiphokoso! Azimayi anamasula zitenje n'kuyala pansi, nthungululu, malikhweru, azibambo ena kuimirira pamipando. Atagwada bondo limodzi, Tadala akudutsa pakati ndi mwamuna wake, ndinamuona akupukuta misozi. Mlongo wa mkwati uja anabwera yekha kudzandigwira chanza. Chimwemwe chimene ndinali nacho nthawi imeneyo sindinakhalepo nacho chibadwire.

Kenako woyendetsa mwambo anandiitanira kutsogolo. Anauza khamu lonse kuti aphunzitsi a sitepe awa muwaonetsetse lero, chifukwa kuyambira mkuja azikakhala ku eyapoti ndipo kuwaona kuzifunika chiphaso. Eee, anthu anachita ngati agwetsa denga. Ndinavina ndekha pakati pa holo, amalume akuzungulira ndi jekete lawo lija, akuuza aliyense kuti zonsezi anakonza ndi iwo. Mayi wina anandinong'oneza kuti mwana wake ali pakhomo ndi satifiketi, ndimukumbukire. Ine, munthu woti ntchito sindinaiyambe, ndinamuyankha kuti abweretse mapepala ndiona chochita.

Lolemba ndinalawirira. Ndinavala siketi yakuda ndi bulauzi yoyera zimene ndinasita kawiri. Amayi anandipempherera, n'kundiikira mtedza wokazinga m'chikwama. Amalume anati andiperekeza kuti akandipereke okha m'manja mwa abwana. Tinakwera minibasi pa Lirangwe, kudutsa pa Lunzu, kutsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Chileka. Njira yonse ndinkangomwetulira anthu osawadziwa. Tikuyandikira, ndege ina inali kutera, yaikulu, pafupi moti ndinaona matayala ake. Ndinagwira mkono wa amalume n'kuwauza kuti taonani makasitomala anga akufika, minibasi yonse n'kuseka.

Pa geti la kampani tinapeza mlonda wachikulire. Atangowaona amalume anaseka mpaka usinini kuonekera. "Aaa, achimwene, mwabweranso? Tambala uja ndiye anali wonona, ana anakudalitsani." Ndinawayang'ana amalume, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Ndinapereka kalata yanga kwa mlondayo. Mlondayo anayendetsa chala pa mndandanda wa oyamba ntchito tsiku limenelo, kutsika, kukwera, kutsikanso. Dzina langa munalibe.

Anaimba foni m'kati, ndipo patapita kanthawi kunatuluka mayi uja anandipatsa kalata. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anandifunsa mofatsa kuti ndinali kuti Lolemba lapitalo. Ndinayamba kufotokoza za ukwati, za amalume, za uthenga, iye akungopukusa mutu kuti palibe uthenga umene unafika pa desiki pake. Anati ataona kuti sindinabwere anaopa kuti mwina ndadwala kapena ndachita ngozi panjira, mpaka anandiimbira pa foni yakeyake, katatu. Anaitulutsa foniyo n'kundionetsa, ndipo nambala yake ndinaizindikira. Lachiwiri anayesanso koma sinkalowa. Lachitatu anaimbira amene ankanditsatira pa zotsatira za intaviyu, ndipo ameneyo anavomera nthawi yomweyo.

Kenako ananena mawu amene sadzachoka m'mutu mwanga. "Chemwali, mukanangoimba. Maphunzirowa timachita magulu awiri, lachiwiri likuyamba lero. Anzanu awiri anapempha kuti tiwasunthire tsiku, wina mkazi wake anali m'chipatala, wina anali ndi mayeso, ndipo tinawalola. Si awo akulowawo." Ndinacheuka. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ankalembetsa maina pa geti. Mtsikanayo ndi amene anatenga malo anga, ndipo nayenso anali atavala siketi yakuda ndi bulauzi yoyera. Sabata imodzi imene ndinkaifunayo inalipo, yaulere, ikungodikira kuti nditsegule pakamwa. Ndinagwada pa simenti pomwepo, ndinalira, ndinachonderera. Mayiyo anandidzutsa n'kunena kuti malo anali owerengeka ndipo adzaza, sangabweze munthu amene anayankha foni kuti aikepo amene anaidula.

Zoona zake za ulendo wa amalume zinatuluka pomwepo. Lachisanu lija sanalowe n'komwe. Pa geti anawauza kuti popanda chiphaso kapena kuitanidwa salowa munthu, ndipo mwa onse amene ankawadziwa kale anali atatsala mlonda yekhayu. Anakhala naye pa benchi, anakumbutsana zakale, n'kumusiyira uthenga ndi tambala kuti akapereke kwa abwana. Mlondayo naye anati tambalayo ankayesa ndi mphatso yake ya pachibale. Uthengawo ankati awauza abwana akamatuluka, koma abwana amatuluka pa galimoto magalasi atatseka, iye yake n'kutsegula geti basi. Anakhala akudikira mpata wabwino woti awagwadire mwaulemu, mpatawo osapezeka, mpaka sabata inatha.

Tinakwera minibasi yobwerera. Mtedza wa amayi ndinafika nawo osaukhudza. Titatsika pa Lirangwe, a kabaza anayamba kukuwa kuti achemwali a ku eyapoti aweruka msanga, kodi ndege zatha? Ndinadzera njira ya kuseri kwa msika. Amayi nditawauza anakhala pansi pakhonde, anayang'ana denga lathu la udzu nthawi yaitali. Kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa kukalipa kulikonse. Tadala atamva anabwera akulira, akuti ukwati wake ndi umene wandilanditsa ntchito, ndipo ndinachita kumukumbutsa kuti iye sanandipemphepo kuti ndisunthe tsiku. Ndi zoona, sanandipemphe. Maphunziro ankatha Lachisanu, Loweruka ndikanavina nawo bwinobwino. Chimene ndikanataya ndi mbiri chabe yakuti sitepe anaphunzitsa ndine. Ngati kuti manyazi sanakwane, patapita masiku awiri mayi wa ku ukwati uja anafika pakhomo ndi envulopu ya mapepala a mwana wake, ndipo ndinabisala kuchipinda amayi n'kukamuyankha.

Miyezi iwiri amalume sindinkawapatsa moni. Ndinkauza aliyense kuti anandiphera tsogolo ndi bodza lawo. Amene anandiwongola ndi Amina yemweyo. Nditabwerera pa zitenje mutu uli pansi, sanandikumbutse mawu anga aja, anangondisunthira mpando. Koma tsiku lina ndikuwadandaula amalume mwa nthawi zonse, anandidula pakamwa n'kundifunsa kuti, "Kodi foni katatu kaja anadula ndi amalume?" Madzulo ake ndinapita kukawapepesa, ndipo ndinawapeza atakhala okha pansi pa mtengo wa mango, akuoneka kuti akalamba m'miyezi iwiri yokha. Iwonso anapepesa. Anati anachita manyazi kubwerera kwa mphwawo n'kudzanena kuti geti lawakana. Kuyambira nthawi imeneyo nkhani za ku eyapoti sazikambanso.

Tsono inu owerenga, makamaka achinyamata anzanga amene mukusakasaka ntchito, ndimvereni ine amene zinandionekera. Kupempha kuti akusunthireni tsiku si tchimo. Olemba ntchito nawonso ndi anthu, amadziwa kuti kuli maukwati, kuli matenda, kuli maliro. Koma pemphani nokha, kwa amene anakupatsani kalata, nthawi ikadalipo, ndipo musapume mpaka yankho mutalimva ndi khutu lanu kapena kuliona pa pepala. Akakana, bola mwadziwa, musankhe mukuona. Kutuma akuluakulu ndi mwambo wabwino, ine sindikuunyoza, pa chinkhoswe changa adzakhala patsogolo ndi amalume omwewo. Koma ku ofesi ulemu umene amaufuna ndi wakuti uwauze wekha. Dzifunseninso moona ngati chimene mukusunthira tsikucho n'chofunikadi, kapena ndi kunyada ngati kwanga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndine.

Papita zaka zitatu tsopano. Makalata ndikuponyabe, denga la amayi likadali la udzu, ndipo dzina lija la achemwali a ku eyapoti linandikanirira, moti ana amene sadziwa n'komwe chiyambi chake amandiitana choncho. Sitepe ndimaphunzitsabe, nyimbo zikadali m'foni momwemo. Koma amene anaphunzirapo kwa ine akuuzani lamulo langa. Foni ikalira, kaya nyimbo yafika pokoma chotani, aliyense amaima pomwe ali, wina mwendo uli m'mwamba, mpaka nditayankha. Sabata yatha inalira pakati pa pulakatisi, nambala yachilendo. Ndinathamanga, ndinapukuta manja pa chitenje, ndinayankha ndi ulemu wanga wonse, gulu lonse lili zii kundiyang'ana. Anali munthu wofunsa ngati tili ndi zitenje za maluwa ofiira.